Mkhalapakati wa a Gondwe

Lamlungu lapitali abusa analengeza kuti chatha chaka chimwalirireni a Gondwe, ndipo anandiloza ine kuti ndiime ndinenepo mawu awiri atatu, poti ndine ndinakhala nawo khoma limodzi ku Wynberg zaka zonse zija. Ndinakana, ndinati kukhosi kukundiwawa. Anaima mkulu wina wa kwaya, munthu amene a Gondwe sanam'konzerepo ngakhale chaja, n'kuyamba kuthira shuga. Eti anali tate wa Amalawi onse a kuno ku Cape Town, eti mutu wawo unali wa golide, eti dziko lataya munthu. Ine ndinkangoyang'ana nsapato zanga. Abale inu, wakufa timam'sambitsa ndi madzi, n'zoona, koma kum'sambitsanso ndi mabodza ndiye ayi. Amene akufuna kuwadziwa a Gondwe akafunse Enelesi, amene mayi ake anam'itana ali pabedi la kuchipatala, iye osamva, mawuwo ali m'chikwama mwake momwemo.

Za Enelesi ndifikako. Ndiyambe ndi tayi.

Kontena yathu inali imodzi, pafupi ndi pokwerera matekisi, yodulidwa pakati ndi thabwa lopyapyala. Mbali ino saluni yanga, mbali inayo a Gondwe ndi mafoni awo ophwasula. Kaya kutenthe, kaya mphepo ya kuno iwombe mpaka kugubuduza matebulo a ogulitsa zipatso, iwo tayi pakhosi. Magalasi anali nawo awiri, ena pamphuno ena pamutu, ndipo theka la tsiku linkatha akufunafuna apamutuwo. Anali aatali, oonda, olankhula pang'onopang'ono kuti tonse osaphunzira tithe kutola. Dzina la Gondwe silinkawakwanira, ankafuna tiziti a Injiniya. Ine sindinawatchulepo choncho ngakhale tsiku limodzi, ndipo ankadziwa kuti ndikuchita dala.

Kwathu akuti ankagwira ntchito ya matelefoni kumpoto, nthawi ija mafoni anali a zingwe. Zingwe zitatha ntchito, iwonso ntchito inawathera, n'kutsika kuno ali kale ndi imvi. Analowa sukulu ya madzulo kuphunzira kulemba mapulogalamu a m'foni, ndipo kuchokera pamenepo kukonza foni ankakuona ngati kuchapa matewera. Ukabwera ndi foni yosweka galasi, unkayamba walandira ulaliki: munaigwira bwanji, munaiika thumba liti, kodi kwanu kunalibe sukulu? Pamalo pawo panali mipando iwiri, koma wachiwiriwo unali wa kompyuta. Kasitomala, kaya ndi mayi woyembekezera, ankaima. Wailesi yanga ikakwera pang'ono, thabwa lija ankalimenya ndi chibakera mpaka zipeso zinkagwa pa shelefu.

Chinanso, a Gondwe sankayendera munthu. Udwale, ubereke, shaki yako ya malata ipse, iwo phee pampando. Ankati kuyendayenda n'kwa anthu amene mutu wawo sugwira ntchito, wanzeru amaupatsa uthenga miyendo yake, iye n'kukhala pansi. Ankatinso munthu ndi chinthu choiwala, chaulesi ndi chamiseche, pomwe makina sadziwa nsanje. Koma mawu amene ndinawamva mpaka makutu kuchita dzanzi ndi akuti foni yopusa imangolira, pomwe yanzeru imayamba yaona kaye kumene ili, amene ili naye, ndi nthawi yake. Ankawanena kwa aliyense, ngakhale kwa munthu wongobwera kudzabisala mvula.

Nzeru zimenezo ndi zimene anaziika m'chinthu chawo chija, Mkhalapakati. Ana a lero sangamvetse, choncho ndifotokoze. Masiku amenewo mafoni athu anali a mabatani, mayunitsi okwera mtengo, ndipo manambala tinkasintha ngati zovala: lero foni yabedwa m'tekisi, mawa khadi latsekedwa. Achibale kumudzi ankangosunga nambala yakufa. A Gondwe anati iyayi, pakhale nambala imodzi yosasintha, yawoyo. Wa kumudzi azitumiza uthenga kumeneko, atatchula dzina la mwini wake. Kompyuta yawo inkautseka kuti wina asauwerenge panjira, kenako n'kuupatsira foni iliyonse ya Mmalawi yodutsa pafupi, monga momwe anyamata ankapatsirana nyimbo mafoni akayandikana, popanda mayunitsi. Foni imeneyo inkapatsira ina m'tekisi, inayo n'kupatsira ina kutchalitchi, mpaka uthenga ukam'peze mwini wake ku Gugulethu kapena ku Imizamo Yethu. Ukafika, foni ya mwiniyo inkabweza mawu oti ndalandira, mawuwo n'kuyendanso njira yomweyo, kuti mafoni ena onse autaye ndipo a Gondwe aone pa kompyuta kuti wafika. Tonse tinkasenzerana katundu m'matumba osadziwa kuti tasenza chiyani.

Pulogalamuyo sinkaoneka kwenikweni. Inkakhala pansi, pakati pa foni ndi mauthenga, n'kumagamula kuti uwu upite, uwu udikire, uwu ulire mokweza. N'chifukwa chake anaitcha Mkhalapakati. Ankanyadira kuti m'menemo mulibe bwana, foni iliyonse ndi yofanana ndi inzake. Ha! Bwana analipo, wovala tayi.

Ndisaname, poyamba chinthucho chinathandiza. Foni inkazindikira dera limene uli potengera nsanja ya netiweki imene yagwira. Ukakhala kunyumba ya madamu inkangokhala chete, ndipo atsikana angapo amene akanachotsedwa ntchito chifukwa cha foni yolira azungu ali patebulo anapulumuka. Ukafika pokwerera matekisi, mauthenga a maganyu ankatseguka. Ku Imizamo Yethu uthenga wa moto unkalira mokweza ngakhale utaitseka mawu. Batire ikatsala pang'ono, foni inkasiya kusenza za ena n'kusamala za mwini wake. Lamlungu a Gondwe ankakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi, Baibulo lotseka, maso pa kafoni kawo, kuonerera mauthenga akudumpha kuchoka m'thumba la uyu kulowa m'chikwama cha uyo. Ulaliki wa abusa ndikukayika ngati anaumvapo. Anthu anayamba kuwaimika panjira, kuwapatsa moni ndi manja awiri, ndipo mutu unakula mpaka magalasi apamutu aja anayamba kuthina.

Kenako anaika lamulo la atatu.

Linachokera pabwino, izi sindikana. Tsiku lina bambo wina womanga nyumba analandira uthenga wa imfa ya mkazi wake akuwoloka msewu, pamaso pathu, n'kugwa pomwepo, tekisi inatsala pang'ono kum'ponda. A Gondwe anaona zonse ali pakhomo. Kwathu uthenga wa maliro sitiuponya ngati mwala. Amapita anthu awiri atatu, n'kum'khazika munthu pansi, n'kuyamba ndi zakutali, kuti akamagwa agwere m'manja mwa anzake. A Gondwe anati mwambo umenewo aulowetsa m'foni. Anasankha mawu amene ankawatcha olemera: maliro, kumwalira, kutisiya, kudwala, chipatala. Uthenga wokhala ndi mawu amenewa ukafika pafoni ya mwini wake sunkaoneka ayi, ngakhale kachizindikiro, kuti munthu asayambe kuda nkhawa ali yekha. Unkabisala mpaka foniyo itamva kuti pafupi pali mafoni ena atatu a Amalawi. Pamenepo m'pamene inkalira kulira kwake kwapadera, kochedwa, ngati belu la tchalitchi cha kumudzi.

Akuluakulu a mpingo anaomba m'manja. Mbiri inafika mpaka kwathu kuti za matenda ndi maliro muzitumiza kwa a Gondwe, iwo ndi munthu wamkulu, adziwa kanenedwe kake. Anthu akumudziwo ankaganiza kuti akuuza munthu.

Musaganize kuti panalibe wowachenjeza. Kunabwera ana a ku yunivesite, atamva kuti ku Wynberg kuli mdala wa ku Malawi amene akuyendetsa mauthenga popanda data. Tsiku limenelo tayi inali yatsopano, ndipo kompyuta inatsitsidwa pampando kwa nthawi yoyamba kuti mlendo akhalepo. A Gondwe analankhula Chingerezi chokhachokha, mokweza, kuti nafenso a tsitsi timve. Mtsikana wina mwa alendowo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti nanga munthu akakhala yekha nthawi yaitali, atatuwo osabwera, uthenga udikira mpaka liti? A Gondwe anaseka kaseko kawo kam'mphuno kaja. Anamuuza kuti funso limenelo ndi la anthu a kuno, otsekerana mipanda, koma Mmalawi sakhala yekha. Alendo atapita, mawuwo anawabwerezanso m'Chichewa kudzera pathabwa, kuopa kuti mwina ndinaphonya.

Chenjezo lachiwiri linali loseketsa. Bambo wina wa ku Nkhata Bay mnzake anam'pezera ganyu yokolopa pachipatala china, n'kum'tumizira uthenga. Mawu oti chipatala anautseka. Unadzatseguka Lamlungu ndi belu la maliro lija, mkati mwa pemphero, azimayi atayamba kale kumanga zitenje m'chiuno, kupeza kuti ndi ganyu, yoti anatenga kale wina. Lolemba ndinawayamba dala.

"Bambo Gondwe, Mkhalapakati wanu wayamba kulira maliro a mopu?"

"Mayi Nachisale," anatero, "inu mumaluka tsitsi, kunja kwa mutu. Za m'kati mwa mutu tisiyireni."

Ine ndinaseka, iwo anabwerera ku kompyuta yawo, ndipo lamulo linakhala momwemo.

Enelesi anali mtsikana wa ku Mzimba, wamfupi, woseka ndi thupi lonse. Ankagwira ntchito yogonera komweko ku Hout Bay, nyumba ya pamwamba paphiri, kusamalira nkhalamba yachizungu imene sinkadzuka pabedi. Mpanda wautali, geti lamagetsi, anansi onse azungu. Tchuthi ankam'patsa Lamlungu limodzi pamwezi. Foni yake yoyamba inabedwa, ndipo kwawo anatsala ndi nambala ya a Gondwe yokha, iye n'kumati palibe vuto, ndi nambala yosafa. Ntchito yonseyo ankagwirira mayi ake. Ukam'funsa za chibwenzi ankati chibwenzi chake chili ku Mzimba, chikufuna malata ndi mankhwala a shuga.

Poti sankatuluka, ndinkapita ine kukam'luka kuchipinda chake cha kuseri. Loweruka lina ndinadzera kusaluni kutenga zipeso, ndipo foni yanga inatola uthenga wake kudzera pathabwa, ine osadziwa. Nditafika tinaponya mafoni athu pabedi, moyandikana, yanga n'kupatsira yake mwakachetechete. Foni ina pafupi inali imodzi yokha, yangayo. Ziwiri zinazo zikanachokera kuti paphiri paja, kwa agalu a madamu?

Ndinam'luka tikuseka. Pakati pa ntchito anadzuka, tsitsi lili theka, n'kutulutsa bulangeti lofiira lidakali m'pepala lake.

"Asisi, tagwirani muone kulemera kwake. Amayi akafunda ili, Juni azingom'mvera kwa anzawo."

Ndinaligwira, ndinaliyamikira, tinalipindanso. Foni ili pambali pa bulangetilo, chete.

Lamlungu lake la tchuthi linafika patapita masabata. Anatsika phiri atavala diresi lachikasu, tsitsi lija lidakali bwinobwino, n'kulowa m'holo imene timapempheramo ku Imizamo Yethu. Atangoponda pakhomo, belu lija linalira m'chikwama mwake. Lisanathe linaliranso, n'kuliranso kachitatu, chifukwa mauthenga ena awiri anali akum'dikira m'mafoni a anthu a mumpingo. Kwaya inasiya nyimbo pakati. Onse atatu anali ochokera kwa mchimwene wake. Woyamba, uja ndinasenza ine, unkati amayi adwalika, ali kuchipatala, akungotchula dzina lako, bwera msanga. Wachiwiri unkati amayi atisiya. Wachitatu unkati tawaika, sitikudziwa chimene tinakulakwira.

Om'gwira analipodi, ndipotu oposa atatu. Mwambo unakwaniritsidwa bwinobwino. Koma titaona masiku a mauthengawo, pakati pa woyamba ndi wachiwiri panali nthawi yokwanira kukwera basi mpaka ku Mzimba, kukhala pambali pa bedi, kuwamwetsa phala mayiwo ndi kuwafunditsa bulangeti lawo.

M'mawa mwake Enelesi anafika ku kontena, maso otupa, koma osalira. Ine ndinasiya kasitomala pampando n'kukaima pakhomo pawo. A Gondwe sanadzuke, ndipo mpando wachiwiri uja unali ndi kompyuta monga mwa masiku onse.

"Bambo, uthenga woyamba uja munauona?"

"Mauthenga onse amadutsa pa ine, mwana wanga. Taona apa." Anatembenuza kompyuta, chala pagalasi. "Unalowa, unatuluka, unafika pafoni yako tsiku lomwelo. Palibe pamene unatayika."

"Munawerenga kuti amayi akundiitana?"

"Ndinawerenga."

"Ndiye munangokhala?"

"Ndinaona kuti wafika. Zotsalazo ndi za pulogalamu, imadziwa nthawi yake."

Abale, tekisi ya ku Hout Bay imaima pamalo poti a Gondwe akalavula, malovu angagwere pa tayala. Kondakitala amakuwa dzina la Hout Bay tsiku lonse m'makutu mwawo. Nambala yatsopano ya Enelesi inali m'kompyuta momwemo, akanatha kuimba. Akanathanso kumenya thabwa lija n'kunena kuti Nachisale, popita uko ukam'khazike pansi mwanayu, mayi ake adwalika. Akumudzi anauza munthu wamkulu kuti apite ndi miyendo yake, monga mwambo unenera. Iwo mwambowo anautenga theka lokomera iwo, lokhala pansi.

"Pulogalamu sinalakwe," anapitiriza, akupukuta magalasi ndi nsonga ya tayi. "Inachita zimene inauzidwa. Ngati pali wolakwa ndi madamu ako osakupatsa tchuthi. Tandiuza iweyo, ukanaulandira uli wekha m'kachipinda kaja, popanda wokugwira, ukanatani?"

"Ndikanakwera basi," anatero Enelesi.

Anaika foni yake patebulo pawo, pakati pa mafoni akufa aja, n'kutuluka. Ine ndinatsala ndikuwayang'ana, ndikudikira mawu amodzi okha, oti pepa. Anatenga foniyo, anaitembenuza, n'kunena kuti batire yake idakali yabwino.

Madzulo ake tinasonkhana kwa mayi wina wa mumpingo kukam'pepesa Enelesi. Anabwera anthu ochokera kutali, ena atasinthira matekisi awiri, ena asanavule n'komwe zovala za kuntchito. A Gondwe sanabwere. Anatumiza chipepeso chawo kudzera pa Mkhalapakati, pafoni ya mwini nyumba, ndipo poti munali mawu oti maliro, chinafika ndi belu lija m'kati mwa nyimbo. Enelesi anagwira makutu n'kukuwa mpaka anansi a Chixhosa anatuluka m'mashaki mwawo.

Akuluakulu anapita kukawapempha kuti asinthe lamulolo, kuti uthenga ukadikira tsiku limodzi uzitseguka wokha, kapena kuti foni imodzi izikwanira. Iwo anati mwambo si tomato woti uzitsitsa mtengo kukamada. Anaonjezera kuti chinthu chikalakwika kamodzi kokha pa anthu ochuluka chonchi, ndiye kuti chikuyenda bwino kwambiri. Kamodzi kameneko kanali mayi ake a Enelesi.

Enelesi anapita kwawo ndi bulangeti lake, anakapeza dothi la pamanda litauma. Mchimwene wake sanakhulupirire za mafoni atatu, ndipo ndani angakhulupirire zopusa zoterozo? Kumudzi mpaka lero amam'loza kuti ndi uja anakana mayi ake chifukwa cha marandi. Kuno sanabwererenso.

Anthu anayamba kuchotsa Mkhalapakati m'mafoni mwawo, mmodzimmodzi. Chinthu chodalira kuchuluka kwa anthu, anthu akachepa chimafa chokha: uthenga unkagona panjira kusowa wousenza, wa ganyu n'kufika ganyu itatha. Kenako kunabwera mafoni a tachi, data inatsika, aliyense analowa m'magulu a pafoni aja amene imfa amailengeza ndi chithunzi munthu asanazizire n'komwe. A Gondwe ankati umenewo ndi uchinyama, ndipo pamenepo pokha ndinkagwirizana nawo, ngakhale sindinawauzepo. Koma kusiya sanasiye. Anasonkhanitsa mafoni akale m'katoni n'kupita nawo ku Gugulethu, kumene ankachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina, n'kumakayeserako pulogalamu yawo, mafoni okhaokha akutumizirana mauthenga popanda munthu. Kutchalitchi anasiya kubwera. Mpingo wawo unali katoni imeneyo.

Ine foni yanga ya mabatani ndinaisiya pa shelefu musaluni, yoimbira nyimbo magetsi akathima. Mkhalapakati anali momwemo, chifukwa kachotsedwe kake sindinkakadziwa, ndipo kusiyana n'kuwafunsa iwo ndikanalolera kumeta mpala. Zaka zinadutsa tikungolonjerana, mwadzuka bwanji, ndadzuka, basi.

Chaka cha chilala chija, tikusunga madzi otsukira tsitsi m'ndowa kuti tikathire kuchimbudzi, a Gondwe anayamba kutha. Kolala ya shati inatsala ikungozungulira khosi, tayi n'kumalendewera pachabe. Chifuwa chinkamveka kudzera pathabwa. Ndinawafunsa kamodzi.

"Bambo Gondwe, chifuwa chimenechi mwapita nacho kuchipatala?"

"Inu samalani za tsitsi, mayi."

Chabwino. Tsiku lina anatseka dzuwa likadali pamutu, ndinamva loko, ndinamva nsapato zikukwekwereza kulowera ku matekisi. Mawa lake sanabwere, mkuja sanabwere. Ankatero akalowerera m'mapulogalamu awo, moti palibe anadabwa. Anadabwa ndi mwini nyumba wawo wa ku Gugulethu uja, ataona kuti Tata Gondwe sakutulukanso kudzatunga madzi. Anaitana anthu, anathyola chitseko. Kuchipatala anafika nawo atasiya kale kulankhula, ndipo sanakhalitseko.

Kenako panabuka vuto: achibale awo kwathu tiwauza bwanji? Munthu amene nambala yake inali m'midzi yonse ya kumpoto, ya achibale ake palibe ankaidziwa. Akuluakulu a mpingo anabweretsa katoni ija kusaluni kwanga, poti kuli machaja, kuti tiyatse mafoniwo tifufuze nambala ya mwana wawo kapena mlongo wawo. Tinalumikiza yoyamba, inayaka. Yachiwiri inayaka. Itangoyaka yachitatu, pa shelefu kumbuyo kwanga panalira belu lija, kochedwa, m'foni yanga ya mabatani ija. Chilimvereni kwa Enelesi ndinali ndisanalimvenso.

Uthengawo unali wa tsiku lija anatseka molawirira, wolembedwa ali kuseri kwa thabwa, mkono umodzi kuchokera pamene ine ndinaima ndikuluka. Ndinauwerenga mokweza.

"Mayi Nachisale, ndikudwala kwambiri. Ndilibe wina. Mukapeza mpata mudzandione ku Gugulethu. Ine Gondwe."

Gondwe, osati Injiniya.

Mkulu wina anapukusa mutu, nati koma matenda, mpaka munthu kuiwala lamulo loika yekha. Ine ndikukana. A Gondwe ankaiwala magalasi, osati pulogalamu yawo. Mawu olemera aja anasankha okha, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti ku Wynberg konse mafoni okhala ndi Mkhalapakati anatsala awiri, yawo ndi yanga. Ankafuna kupempha, koma osaonedwa akupempha. Chibakera chimene chinkagwetsa zipeso zanga chifukwa cha wailesi chinalephera kugogoda kamodzi kokha chifukwa cha moyo wawo. Uchitsiru wanji umenewu, munthu wa imvi! Ndikanapita. Ndikanawalalatira kuyambira pageti mpaka pabedi, ndikanawakumbutsa za Enelesi pa supuni iliyonse ya phala, koma ndikanapita. Zimenezi n'zimene zimandipsetsa mtima mpaka lero, ndipo amene akufuna kuwatcha tate wa Amalawi aziwatcha ine kulibe.

Mbali yawo ya kontena ili chitsekere. Mwini wake akufuna lendi yokwera, anthu amabwera, amasuzumira, n'kubwerera. Pathabwa pali kabowo pamene pankadutsa chingwe cha magetsi, ndipo makasitomala akachepa ndimaikapo diso. Tebulo lilipo ndi zipsera zake za chitsulo chowotchera mawaya. Msomali wa jekete ulipo. Magalasi apamutu aja ali pawindo pamene anawaiwala, fumbi lili mbuu. Kompyuta anaitenga a mpingo, choncho mpando wachiwiri uja tsopano ulibe kanthu, munthu atha kukhalapo. Wailesi ndimaikweza mmene ndafunira, ndipo zipeso zili pa shelefu, sizigwa.